Za nkhono ya m'thanki ija

Halo... eya, ikujambula. Msuwani, chithunzi chako ndachiona. Ukuti nkhono yatulukira m'thanki yanu yagalasi ija ya madzi amchere, simunaigule, yangobwera ndi miyala ija alamu anatenga kunyanja ku Beira, ndiye ukufunsa kuti ndi mtundu wanji. Aaa iwe! Unayamba liti kufuna maina a nkhono, iwe amene unkathawa bongololo pakhonde pa agogo ku Ulongue? Ine ndikudziwa chimene chakusowetsa tulo. Kamwana kako kaja kamapisa manja m'madzimo, ndiye mtima wako wathamangira kwa amalume ndi likodzo lawo lija.

Paja unali wamng'ono nthawi imeneyo. Amalume ali ku Songo... ayi, dikira, osati ku Songo kwenikweni, kumtunda kwake, m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, kumene ankagwira kapenta. Usiku wonse ali pamadzi ndi magetsi aja okopera nsomba, m'mawa akatsika n'kukasamba m'mabango momwemo, tsiku ndi tsiku. Anayamba kukodza magazi. Osauza munthu! Chaka chathunthu akungoti n'kutentha kwa dzuwa la kuno ku Tete. Azakhali ndi amene anaona pochapa, nawakweza chapa, minibasi ija, mokakamiza mpaka kuchipatala. Anawayeza mkodzo, akuti likodzo. Anawaimika pasikelo n'kuwapatsa praziquantel, mapiritsi aakuluakulu owawa aja, akuti adye kaye nsima asanamwe. Ndipo namwino anawafotokozera bwino, mawu ake ndinawamva kwa amalume kambirimbiri: nkhonoyo siluma munthu ayi. Mazira amatuluka ndi mkodzo, n'kuswa m'madzi, tizilomboto n'kulowa mu nkhono, kenako n'kutulukamo kudzaboola khungu la wosamba. Atachira, mwana aliyense wa pamudzi anamukhazika pansi. Ngakhale pamaliro a agogo, ukukumbuka, anthu akulira iwo ali kuseri kwa nkhokwe ndi anyamata, akujambula nkhono pansi ndi kamtengo. Ine munthu uja ndimamusowa, mmm.

Chabwino, ndibwerere. Nkhono za likodzo zimakhala m'madzi opanda mchere, m'madambo, m'makhwawa, m'mbali mwa Zambezi. M'thanki mwako muli mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, sizingakhalemo. Mwanayo likodzo salitenga mmenemo.

Tsono yakoyo. Ndaikuza pafoni kangapo. Chigoba chake n'chophwatalala ngati khutu, chaching'ono, thupi n'kutsalira kunja, eti? Ndipo wati imatuluka usiku, imayenda mothamanga. Kwa ine imeneyo ndi Stomatella. Ndinkaziona zambiri nthawi imene ndinali ku Vilankulo. Imadya ndere za pamiyala ndi pagalasi, imakutsukira thanki mwaulere. Ukaigwira mwamphamvu imadula kumchira kwake ngati buluzi, kachidutswako n'kumaphiriphitha pakokha, ndiye usakuwe.

Koma mvetsetsa apa, chifukwa miyala ya kunyanja sibwera ndi mlendo mmodzi. Ukadzaona ina yachigoba cholimba, chosalala, chachikulu mbali imodzi n'kusongoka mbali ina ngati karoti, mawangamawanga okongola, pakamwa pake patali n'popapatiza kutsika m'mbali monse, imeneyo ndi Conus. Ili ndi kadzino konga mkondo, kaululu woumitsa thupi, mitundu ina inaphapo anthu, ndipo mankhwala othetsa ululuwo kulibe. M'nyanja yathu ya Indian zimapezeka. Osagwira ndi dzanja, ngakhale kumbuyo kwake, imafikira. Tenga supuni yaitali, uiike m'botolo lokhala ndi madzi omwewo, unditumizire chithunzi cha mbali zonse ziwiri, pamsana ndi pakamwa. Usiku uzimitse magetsi, udikire ola limodzi... kapena awiri, uunike ndi tochi, uone amene akuyenda mmenemo.

Ndiye ndikubwereza, za likodzo chotsa mumtima, madzi amchere alibe. Mwanayo umuletse kupisa manja chifukwa cha zina zimene sitinazione, osati chifukwa cha matenda a amalume. Wamva, mayi wamantha iwe? Likodzo ayi. Ngati pali poopa, ndi kumtsinje kuja kwa apongozi ako kumene amakasewera ndi anzake patchuthi. Ukadzaona mkodzo wake wasintha mtundu, pomwepo kuchipatala, usachite za amalume.

Upereke moni kwa alamu. Uwauze thankiyo aichotse pawindo, ndi kutentha kwa ku Matundo kumeneko madzi asapitirire madigiri 27. Chapa yafika, ndidule kaye.