Za mankhwala omwe amalimba akalowa m'thupi, ndi nthanga za bwemba

Achemwali, mwafunsa ngati nzoona kuti kuli mankhwala omwe m'botolo amakhala amadzimadzi koma akalowa m'thupi amagwirana ngati phala lolimba, komanso ngati bwemba likukhudzidwa monga munamvera. Nzoona ndithu. Kungoti mtengowo paokha suchita zimenezi, pali ntchito ya m'labotale pakatipo, ndipo ndi pamenepo ndikufuna tikhazikike.

Dzina lake ndi hydrogel. Ndi ukonde wa timaulusi tosaoneka ndi maso womwe wakola madzi ambirimbiri, nthawi zambiri oposa 90 pa 100 alionse. Si nkhani yadzana ayi. Otto Wichterle ndi Drahoslav Lím a ku Prague analemba za hydrogel yawo mu 1960, ndipo ndi imeneyo inabala magalasi ofewa aja omata pa diso.

Tonse tikudziwa msuzi wa mang'ina. Ukagona usiku umagwirana, mmawa mukauika pamoto umasungunuka. Zinthu zambiri zimatero, kuzizira kulimbitsa, kutentha kusungunula. Zomwe mwafunsazi zimayenda chobwerera: pozizira ndi madzi, zikafunda zimalimba, mukazibweza pozizira zimasungunukanso. Phindu lake lili poyera. Thupi la munthu limatentha madigiri 37. Ndiye ngati mankhwala ali amadzi pa madigiri 20, dokotala atha kuwakoka mu jakisoni wamba kapena kuwadontheza m'maso, akafika pamalopo n'kulimba, n'kumatulutsa mankhwala ochiza omwe asakanizidwamo pang'onopang'ono osakokoloka ndi misozi kapena magazi.

Chimodzi mwa zodziwika kwambiri ndi methylcellulose. Amaipanga kuchokera ku ulusi wa thonje kapena wa mitengo, womwe mwachibadwa susungunuka m'madzi. Akamatako timagulu totchedwa methyl, ulusiwo umayamba kusungunuka m'madzi ozizira. Timaguluti sitigwirizana ndi madzi, koma kukamazizira madzi amatizinga mwadongosolo, timakhala patalipatali. Kutentha kukakwera mpanda wa madziwo umasweka, timagulu tija timafunana tokhatokha n'kumatana, ukonde wapangika basi. Vuto ndi lakuti payokha methylcellulose imalimba cha m'madigiri 50, kutali ndi thupi. Mchere umatsitsako mlingowu. Gulu la Molly Shoichet ku Toronto, m'dziko la Canada, mu 2006 linaisakaniza ndi hyaluronan, chinthu chonanda chomwe chimapezeka kale m'thupi, n'kupanga chobaya chomwe chimagwirana pafupi ndi mtsempha wa msana, ndipo anachiyesa pa makoswe.

Tsono ku bwemba, komwe mtima wanga uli. Mtengo womwewu wadzaza kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, timangoyamwa chipatso kapena kuchiviika m'madzi n'kuthira m'phala, nthanga n'kulavula. M'kati mwa nthangazo muli xyloglucan, ulusi wautali wa shuga wokhala ndi tinthambi m'mbali. Ku Japan akhala akuugwiritsa ntchito m'zakudya kwa zaka zambiri kuti zikhale zokhuthala. Ukautenga mmene ulili n'kuusungunula m'madzi, umangonanda ngati therere, ngakhale uutenthe chotani sugwirana. Chomwe akatswiri a ku Japan anapeza ndi chakuti ukasadzako tinthambi tija ta shuga wotchedwa galactose, pogwiritsa ntchito enzyme ya beta-galactosidase, puloteni yomwe imadula shugayo, ulusiwo umatha kuyandikirana ukafunda. Ukachotsa zochepera 35 pa 100 palibe chichitika. Ukachotsa 44 pa 100, n'kusungunula magalamu 1 kapena 2 m'magalamu 100 a madzi, zimalimba pakati pa madigiri 22 ndi 27. Onani mmene kusadza pang'ono chabe kukusinthira khalidwe lonse la chinthucho. Shozo Miyazaki ndi anzake ku Hokkaido anayesa zimenezi pa akalulu mu 1998, kunyamula mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa a indomethacin kudzera kotulukira chimbudzi, ndipo anakhalitsa m'magazi kuposa a masiku onse. Pambuyo pake anayesanso m'maso mwa akalulu ndi pilocarpine, mankhwala a matenda a maso otchedwa glaucoma.

Ine ndikawerenga mlingo wa 22 mpaka 27 umenewo ndimaganiza za kwathu. Ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwezi wa Okutobala kumapyola madigiri 35 pamthunzi pomwe. Botolo lotere lingalimbiretu m'kabati lisanafike kwa wodwala, pokhapokha litakhala m'firiji, ndipo za magetsi m'zipatala zazing'ono tikuzidziwa tonse. Aliyense wofuna kuti zinthuzi zidzatithandize kuno ayenera kuyambira pamenepo, kukankhira mlingowo pafupi ndi 30 kapena 32. Palinso mavuto ena: za m'zomera sizifanana mtengo ndi mtengo, chaka ndi chaka, ziyenera kuyeretsedwa kwambiri zisanalowe m'thupi, ndipo ma gel amenewa ndi ofewa, sangasenze katundu ngati fupa.

Mwafunsanso ngati mungapere nthanga kunyumba n'kupaka pa bala kapena kudontheza m'maso. Chonde musatero, Achemwali. Ufa wa mumtondo uli ndi makoko, mapuloteni, fumbi ndi tizilombo, ndipo ulusi wake sunasadzidwe, choncho sulimba nkomwe ndi kutentha kwa thupi. Diso likalowa tizilombo limaonongeka masiku owerengeka. Zambiri zomwe ndatchulazi zikadali pa kafukufuku wa nyama.

Chomwe mungachipeze lero ku famase ndi madontho a maso ouma a hypromellose, mbale wake wa methylcellulose, wochokeranso ku ulusi wa zomera. Nayenso amalimba akatenthedwa, koma kuyambira cha m'madigiri 60 kupita m'mwamba, kotero m'diso mwanu amakhalabe amadzi, ntchito yake ndi kunyowetsa ndi kuchedwetsa kuuma kwa misozi.