Kamphaka kodzandira poyenda: kodi n'kusunga kapena n'kutaya?

Mayi wina wa ku Chilomoni watilembera pa imelo. Mphaka wawo anaswa ana anayi, ndipo tsopano ali ndi milungu 5. Atatu akuthamanga bwinobwino, koma kamodzi chiyambireni kuyenda kamadzandira, kamatangaza miyendo, kamagwa chammbali, ndipo kakayandikira mbale mutu umagwedera. Kudya kakudya, kusewera kakusewera. Oyandikana nawo ena akuti ndi chiwewe, ena akuti kalodzedwa, ena akuti kakatayidwe kumtsinje popeza kakungovutika. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi kameneka kangachire? Nanga ndikakasunga, sindikukazunza?"

Mayi, musakataye. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi vuto lobadwa nalo limene madokotala a ziweto amalitcha cerebellar hypoplasia. Ngati ndi limeneli, kamphaka kanu sikakumva ululu, sikapatsira munthu kapena chiweto kudzandirako, ndipo kangakhale zaka zambiri monga mphaka wina aliyense. Koma musanakhazikike mtima pansi, pali funso limodzi lofunika kuliyankha moona: kodi kudzandirako kuli chimodzimodzi chiyambireni, kapena kukuipiraipira?

Tiyambe ndi chiwewe, chifukwa ku Blantyre kuno si nkhani yoichepetsa. Chapha ana ambiri mumzinda uno, n'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies linayamba kutemera agalu mochuluka kuno mu 2015. Chiweto chachiwewe chimasintha mwadzidzidzi: chimalusa kapena kuzizira modabwitsa, chimatuluka dovu, chimalephera kumeza, ziwalo zimafa motsatizana, ndipo kawirikawiri chimafa pasanathe masiku 10 chiyambireni kuonetsa zizindikiro. Kamphaka kamene kadzandira kwa milungu iwiri kapena itatu kakudya ndi kunenepa sikakugwirizana ndi zimenezi. Komabe mphaka aliyense amene wayamba zachilendo mwadzidzidzi, makamaka ngati analumidwapo ndi galu, musamugwire ndi manja. Akaluma kapena kukanda munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Zilipo zinanso zodzandiritsa kamphaka zimene zimafuna dokotala msanga. Mankhwala a utitiri ndi nkhupakupa opangira agalu, makamaka okhala ndi permethrin, komanso dipi wa ng'ombe, amanjenjemeretsa mphaka mpaka kukomoka. Tameki wothirira makoswe ndiye amapha m'maola ochepa. Kamphaka kosadya mokwanira shuga amatsika m'thupi, kamafooka n'kuzizira. Apa pakani madzi a shuga kapena uchi pang'ono m'nkhama mukuthamangira kwa dokotala. Khutu likatukusira mkati, mutu umapendekera mbali imodzi ndipo kamayenda mozungulira. Nsomba zina zikamadyedwa zosaphika tsiku ndi tsiku zimawononga vitamini B1 m'thupi, ndipo khosi limagwera pansi. Zonsezi zimabwera kwa kamphaka kamene poyamba kanali bwino, ndipo zimakula. Vuto lobadwa nalo lija limaonekera pamene kakuphunzira kuyenda, pa milungu 2 mpaka 4, n'kuima pomwepo. Ngakhale zili choncho, kapititseni kakaonedwe kamodzi, kaya ku bungwe losamalira ziweto la Blantyre SPCA, kwa dokotala wa ziweto woyima payekha kapena ku ofesi ya ziweto ya boma. Jambulani kavidiyo pafoni kakuyenda ndi kudya kunyumba, chifukwa patebulo la dokotala amphaka ambiri amangounjikana ndi mantha, osayenda.

Chimachitika n'chiyani m'mutumo? Chakunkhongo kuli kachigawo ka ubongo kamene ntchito yake ndi kuyeza kayendedwe: phazi liponde pati, likwere mpaka pati, thupi litsamire bwanji. Kachigawoka kamakula kumapeto kwa bere ndi m'masiku oyamba mwana atabadwa. Mphaka wabere akagwidwa ndi kachilombo ka feline panleukopenia, kachilomboko kamawononga maselo amene akuchulukana mofulumira, ndipo kachigawo kaja kamatsala kosakhwima. Ana a bere limodzi sakhudzidwa mofanana, n'chifukwa chake atatu ali bwino. Mphamvu m'miyendo zilimo, nzeru zilimo, chosowa ndi muyezo basi. Kakagona phee, kunjenjemera kumatha. Kakalunjika chinthu, monga mbale, m'pamene mutu umayamba kugwedera ngati nkhuku ikujompha chimanga. Mankhwala omeretsa kachigawoka palibe, ndiye musatayire ndalama pa majakisoni a mavitamini pofuna kuti kachire. Chimene chimachitika n'chakuti pakapita miyezi kamaphunzira njira zakezake zoyendera, ndipo kugwa kumachepa.

Ntchito yaikulu ili pa chakudya, chifukwa njala yosaoneka kapena kutsamwa zingaphe tiamphaka totere. Kamphaka ka milungu 5 kamalemera pafupifupi magalamu 500, ndipo kayenera kuwonjezera magalamu 10 mpaka 15 patsiku. Pezani kasikelo ka kukhitchini, muzikayeza nthawi imodzimodzi tsiku lililonse n'kulemba. Maso amanamiza: mumakaona kali pambale nthawi yaitali, koma theka la chakudya lili pansi ndi pamphuno, lina abale ake alanda. Pakadutsa masiku awiri sikelo isanasunthe, dziwani kuti sikakukhuta.

Kadyetseni pakokha, kanayi kapena kasanu patsiku. Mbale ikhale yotambalala, yosaya, yosagubuduzika, komanso yosakhala yagalasi kapena yadothi, chifukwa mutu ukagwedera chibwano ndi mano zimagunda m'mphepete. Ikwezeni masentimita 3 mpaka 5 pathaulo lopinda, muiike pakona kuti thupi litsamire khoma. Ngati kakugwabe, pindani thaulo lina mozungulira m'mbali ndi kumbuyo kwake, kapena ikani dzanja lanu pansi pa chifuwa, chala chachikulu ndi chamkombaphala zili pamapewa. Mutu musaugwire. Mukaupanikiza kamalimbana nanu, ndipo m'pamene kamatsamwa. Chakudya chiunjikeni pakati ngati kachulu kuti kazingoluma pamwamba osamiza mphuno, ndipo kakatha pukutani mphuno ndi kansalu konyowa.

Chabwino koposa ndi chakudya cha ana amphaka chogula m'masitolo. Chikakhala chouma, chiviikeni m'madzi ofunda kwa mphindi 15 mpaka chifewe. Ngati thumba silikulola, phikani nkhuku, dzira, kapena usipa wotsukuluza mchere, n'kuusinja pamodzi ndi minga yake. Mingayo ndi yofunika: kamphaka kodya nyama ya mnofu yokhayokha kapena chiwindi chokhachokha mafupa ake amafewa, ndipo kamphaka kogwaigwa kokhala ndi mafupa ofewa kamathyoka msana mosavuta. Nsima ndi msuzi sizikuza mphaka. Anyezi ndi adyo amawononga magazi ake, choncho ndiwo zapamphika wa banja ayi. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba. Ndipo musakasiyitse kuyamwa msanga; kalekeni kayamwe mpaka milungu 8, muzikaika nokha pabere abale ake atagona.

Mukafunika kukamwetsa ndi sirinji yopanda singano, kagone chafufumimba, osati chagada. Lowetsani nsonga ya sirinji chammbali mwa kamwa, donthezani theka la mililita, dikirani kameze. Chimene mukukamwetsacho chikatulukira m'mphuno siyani pomwepo, chifukwa zolowa m'mapapo zimabala chibayo. Madzi akumwa asapitirire masentimita 2 kuya kwake, m'mbale yolemera.

Tsopano pansi. Simenti yopaka polishi ndi matailosi ndiye mdani wamkulu, popeza miyendo imangotereka ndipo kamphaka kamataya mtima n'kusiya kuyesa. Yalani kapeti wakale, chiguduli kapena bulangete la pakaunjika, n'kulipsinja m'mphepete kuti lisakwinyike. Matumba a feteleza amaterera, ndipo nsalu yothothoka ulusi imakola zikhadabo. Zikhadabozo musaziwenge kwambiri, ndi zimene kamagwirira. Kakadali kakang'ono, kakonzereni malo a mita imodzi mbali zonse, otchingidwa ndi makatoni, momwe muli pogona, mbale ndi chimbudzi moyandikana. Tchingani masitepe a pakhonde, ndipo musakasiye pabedi kapena pampando popanda munthu. Ana apakhomo auzeni kuti akafuna kukanyamula ayambe akhala pansi.

M'nyumba zathu zambiri timasunga madzi m'ndowa ndi m'mabeseni chifukwa cha kuzima kwa mipopi. Vindikirani zonse. Mphaka wabwinobwino akagweramo mwina angatuluke, koma uyu sangathe. Chimodzimodzi mbaula, chimbudzi chokumba ndi ngalande. Panja pali agalu, mphamba ndi akhungubwe, ndipo kamphaka kosatha kuthawa kapena kukwera mtengo kalibe podzitchinjirizira. Ameneyu ndi mphaka wa m'nyumba moyo wake wonse, wotuluka kukaothera dzuwa pokhapokha munthu ali pomwepo.

Chimbudzi chake chipangeni kuchokera ku beseni lapulasitiki lamakona anayi. Dulani mbali imodzi kuti polowera patsale masentimita 2 kapena 3, mbali zitatu zikhale zazitali masentimita 15 kuti kazitsamira. Thiranimo mchenga wosefa, wouma, masentimita 3. Kaikenimo kakangodzuka komanso kakangotha kudya. Ena amachita chimbudzi atagona chammbali, ndipo zimenezo si vuto, kungoti muzikapukuta ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda n'kukaumitsa kotheratu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika, kamphaka konyowa kamazizidwa mofulumira kwambiri. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'thaulo limathandiza, koma liikeni mbali imodzi ya katoni kuti kakatenthedwa kathe kusuntha. Zogonera muziyanika pachingwe, osati pansi, chifukwa nthawi ya mvula ntchentche zimaikira mazira pansalu zonunkha mkodzo ndipo mphutsi zimalowa pakhungu. Potsuka, thirani mamililita 30 a JIK mu lita imodzi ya madzi, siyani mphindi 10, tsukuluzani n'kuumitsa. Dettol ndi Jeyes Fluid ndi poizoni kwa amphaka. Panado nayenso amapha mphaka, ngakhale kachidutswa.

Chifundo chisakuchititseni kukanyamula tsiku lonse. Kugwa pamalo ofewa ndiko kuphunzira kwake. Seweretsani kachingwe kapena kampira ka pepala pakapeti kwa mphindi 5 mpaka 10, katatu patsiku, ndipo kalekeni kazigwirana ndi abale ake malinga sakukapondereza. Ngati kakulephera n'kuima komwe, dutsitsani kansalu pansi pa mimba, mukweze pang'ono kuti mapazi azingogunda pansi, kaziponda kokha.

Katemera kalandire monga anzake: wa panleukopenia ndi chimfine cha amphaka kuyambira milungu 8 kapena 9, kubwereza pakatha milungu 3 kapena 4, ndi wa chiwewe pa milungu 12. Mankhwala a njoka za m'mimba ndi a utitiri akhale olembedwa kuti ndi a ana amphaka, operekedwa molingana ndi kulemera kwake. Kakafika miyezi 5 kapena 6 kangathe kufulidwa kapena kutsekedwa. Vutoli sililetsa opaleshoni, ingomuuzanitu dokotala. Make naye atemeredwe kapena atsekedwe akamaliza kuyamwitsa, koma osamubaya katemera wa kachilombo kamoyo ali ndi bere, popeza ameneyonso angayambitse vuto lomweli. Kachilomboka kamatha kukhala pakhomo chaka chathunthu, choncho musabweretse mphaka wosatemera pakali pano.

Kwa owerenga ena amene kamphaka kawo kakukwakwaza miyendo yakumbuyo katapondedwa, kulumidwa ndi galu kapena kupanidwa ndi chitseko, nkhani yanu ndi ina, ya msana. Kagonekeni m'katoni yaing'ono kuti kasagwedezeke, mupite nako kwa dokotala tsiku lomwelo. Iye adzatsina chala chakuphazi mwamphamvu. Kungokoka mwendo sikutanthauza kanthu. Chofunika n'chakuti katembenuke kapena kalire, kusonyeza kuti uthenga ukufika ku ubongo. Kakumva, mwayi wochira ulipo ndithu. Choopsa kwambiri apa ndi mkodzo. Kamphaka kotere nthawi zambiri sikatha kukodza kokha, ndipo kudontha kwa mkodzo sikutanthauza kuti chikhodzodzo chaphwa, mwina chadzaza mpaka kusefukira. Chimafunika kufinyidwa katatu kapena kanayi patsiku: zala mbali zonse za mimba kutsogolo kwa ntchafu, kupeza kampira kofewa, n'kukanikiza pang'onopang'ono mosadukiza mpaka mkodzo utuluke. Dokotala akuonetseni ndi manja ake musanayese nokha, ndipo chikalimba osatulutsa kanthu musakakamize, chingaphulike. Katembenuzeni maola 4 alionse kuti kasachite zilonda, pindani ndi kuwongola mwendo uliwonse ka 10 kawiri kapena katatu patsiku dokotala akavomereza, ndipo pakani Vaseline pang'ono pomwe mkodzo umakhudza khungu. Ngati sikakumva chilichonse, kali pa ululu wosaletseka, kapena palibe amene angakwanitse ntchitoyi tsiku ndi tsiku, kambiranani ndi dokotala za jakisoni wogonetsa mpaka kalekale. Kutaya kamphaka kamoyo kumtsinje kapena kudzala ndi nkhanza, ndipo musalole kuti wina akukakamizeni kutero.

Inu mayi a ku Chilomoni, chanu sichinafike pamenepo. Yambani ndi sikelo, kapeti ndi mbale ya pakona, ndipo sabata ino kapititseni kakaonedwe. Mukadzaona kuti kudzandira kwawonjezeka, kakukomoka, kakana chakudya kawiri motsatizana, kakupuma movutikira kapena mosokosera katatha kudya, kapena katha tsiku osakodza, musadikire kuti kuche.