Ndani amayeza madzi a m'nyanja poona mtundu wake?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wina amene wangomaliza digiri ya physics. Mwachidule akufunsa kuti: "Ndamva kuti pali anthu amene amayeza madzi a m'nyanja pongoona mtundu wake, ena mpaka kugwiritsa ntchito masetilaiti. Ndi makampani ati ndi mabungwe ati amene amachita zimenezi? Nanga munthu wa kuno angalowemo bwanji, poti zipangizo zake akuti ndi zodula?"

Achemwali, mayina ndikupatsani, koma sakuthandizani mukapanda kudziwa kuti aliyense wagwira mbali iti. Choncho tiyambe ndi chimene amayezacho.

Madzi oyera amameza kuwala kofiira msanga, m'mamita ochepa oyambirira, pomwe kwa buluu kumatsika patali, kwina n'kubwerera m'mwamba. N'chifukwa chake pakati pa nyanja pamaoneka pa buluu. M'madzimo mukachuluka ndere zing'onozing'ono zoyandama, chlorophyll wake, chinthu chimene chimabiriwitsa zomera, amameza buluu ndi kufiira n'kusiya kubiriwira. Matope amamwaza kuwala, madzi n'kufiirira. Zowola za m'madambo zikasungunuka zimadya buluu, madzi n'kukhala ngati tiyi wopanda mkaka. Ntchito ya akatswiriwa ndi kuyenda chobwerera: ayambire pa mtundu umene watuluka m'madzi, apeze kuchuluka kwa ndere, matope ndi zowolazo. Ndipo ndere si nkhani yamasewera. Tizilombo ta m'madzi timadya ndere, usipa umadya tizilomboto, inu mumadya usipa.

Gulu loyamba ndi la eni masetilaiti, ndipo ambiri ndi mabungwe a maboma. NASA ya ku America ndiyo idayamba mu 1978 ndi chipangizo chotchedwa CZCS pa setilaiti ya Nimbus-7, chimene chidagwira ntchito mpaka 1986. Kenako padadutsa zaka pafupifupi 10 popanda cholowa m'malo. SeaWiFS idakwera mu 1997 n'kugwira mpaka 2010, ndipo nkhani yake ndi yachilendo pang'ono: setilaitiyo inali ya kampani, yopangidwa ndi Orbital Sciences, NASA n'kumangogula deta. Padabwera chipangizo cha MODIS pa setilaiti ya Terra mu 1999 ndi pa ya Aqua mu 2002, ndipo pa 8 February 2024 NASA idatumiza PACE, imene imasiyanitsa mitundu yambirimbiri ya kuwala moti ingathandize kudziwa mtundu wa ndere, osati kuchuluka kwake kokha. Ku Ulaya, bungwe la za mlengalenga la ESA linali ndi chipangizo cha MERIS kuyambira 2002 mpaka 2012. Lero pali OLCI pa Sentinel-3A ya 2016 ndi Sentinel-3B ya 2018, imene kadontho kamodzi pa chithunzi chake ndi mamita 300, ndipo deta yake ya m'nyanja imagawidwa ndi EUMETSAT, bungwe la ku Ulaya la masetilaiti a zanyengo. Pa madamu ndi mitsinje anthu amathamangira Sentinel-2, ya mamita 10, kapena Landsat 8 ndi 9, za mamita 30, ngakhale izi adazipangira kujambula mtunda.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Mwa kuwala konse kumene setilaiti imalandira ikaloza panyanja, pafupifupi magawo 9 mwa 10 sikuchokera m'madzi ayi. Ndi kuwala kumene kwamwazidwa ndi mpweya, fumbi ndi utsi, kuphatikizapo kunyezimira kwa pamwamba pa madzi. Kagawo kamodzi kotsalako ndi kamene tikukafuna. Inu a physics mwaona kale vuto lake: chipangizo chikaphonya ndi 1 peresenti kumwambako, pa kuwala kochokera m'madzi chaphonya ndi pafupifupi 10 peresenti. Palibe labotale imene ingachune chipangizo mpaka kulondola chotere, chipangizocho n'kupirira kugwedezeka kwa roketi ndi zaka za dzuwa osasintha. Ndiye pamafunika wina ali pamadzi penipeni, akuyeza pa ola limene setilaiti ikudutsa, kuti manambala a kumwamba awongoledwe.

Ntchito imeneyo ndi ya gulu lachiwiri, limene ine ndimaliona kuti ndilo msana wa zonsezi ngakhale silitchuka. Kufupi ndi chilumba cha Lanai ku Hawaii kuli MOBY, chipangizo choyandama chimene chakhala chikuyeza kuyambira 1997 ndi ndalama za NASA ndi NOAA, bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo, ndipo a Moss Landing Marine Laboratories ndiwo akhala akuchisamalira. Ndi mzati wautali woimirira m'madzi, wokhala ndi mikono itatu yotambasukira kumbali, wina pafupi ndi pamwamba, ina iwiri pansipo, uliwonse uli ndi timagalasi tolandira kuwala. Adasankha malowo chifukwa madzi ake ndi oyera, sasinthasintha, ndipo kumwamba kumakhala kopanda utsi wambiri. Mdani wake wamkulu ndi ndere zomwezo: zimamera pa timagalasito, moti akatswiri osambira pansi pa madzi amapita kukapukuta, ndipo pakapita miyezi ingapo chipangizo chonse amachizula n'kuikapo chinzake. Ku Mediterranean, a labotale ya Villefranche ku France adachita zofanana ndi BOUSSOLE. Palinso AERONET-OC, zipangizo za kampani ya Cimel zoikidwa pa nsanja za m'nyanja, imodzi yodziwika kwambiri ili kufupi ndi Venice. Onsewa amakumana pansi pa IOCCG, komiti ya padziko lonse yoona za mtundu wa madzi a m'nyanja, imene idakhazikitsidwa mu 1996, ndipo mabuku ake a kayezedwe koyenera ali pa intaneti kwaulere.

Makampani opanga zipangizo ndi ochepa kuposa mmene mungaganizire. Mmodzi mwa akuluakulu ndi Sea-Bird Scientific ya ku Bellevue, Washington, imene idaphatikiza WET Labs ya ku Oregon ndi Satlantic ya ku Halifax, Canada. Masensa awo ena ali ndi mkuwa (kopa) kutsogolo ndi kachopukutira kozungulira, zonsezo polimbana ndi ndere. TriOS ya ku Germany imapanga RAMSES, zoyezera kuwala zimene anthu ambiri amamangirira kutsogolo kwa boti zitatu pamodzi: china choloza madzi, china choloza thambo, china cholandira kuwala konse kotsika. Biospherical Instruments ili ku San Diego. Turner Designs imadziwika ndi zipangizo zimene zimawalitsa buluu m'madzi n'kuyeza kufiira kumene chlorophyll amabweza. Sequoia Scientific imapanga LISST, yoyeza kukula kwa timatope ndi laser. Mukalowa mu labotale ya bungwe logawa madzi akumwa, mwina mupeza kamakina ka Hach koyezera kuda kwa madzi. Nako ndi ka banja lomweli, kungoti sitikaganizira.

Gulu lomaliza silipanga chitsulo chilichonse. Limatenga zithunzi zaulere n'kuzisandutsa mapu ndi machenjezo. EOMAP ya ku Germany imagulitsa mapu a ukhondo ndi kuya kwa madzi. Brockmann Consult ya ku Hamburg ili m'gulu lopanga SNAP, pulogalamu ya pakompyuta ya ESA yokonzera zithunzi za masetilaiti. Plymouth Marine Laboratory ku Britain yatsogolera ntchito yolumikiza deta ya masetilaiti osiyanasiyana kuti ikhale mbiri imodzi ya zaka zambiri. Ku South Africa kuli CyanoLakes, imene imachenjeza za ndere zapoizoni m'madamu. Ngati mukufuna ntchito ya malipiro, kuno ndi kumene khomo lili lotsekuka pang'ono, chifukwa chimene amafuna ndi munthu wodziwa physics ya kuwala ndi kulemba mapulogalamu a pakompyuta mu Python, osati fakitale.

Koma ndinene maganizo anga. Mapu okongola a nyanja ya Malawi amene sadatsimikizidwe ndi muyezo wa pamadzi pomwepo, ine sindiwakhulupirira, kaya achokera ku kampani yotchuka bwanji. Masamu ambiri osandutsira mtundu kukhala chlorophyll adapangidwira pakati pa nyanja zamchere. Afikitseni pamathiriro a Linthipe kapena Songwe mu February, adzawerenga matope ngati ndere. Pamalo osaya, mchenga wapansi umabweza kuwala n'kusokoneza. Mu September ndi October utsi wa moto wa m'tchire umadzaza mlengalenga, ndipo nyengo ya mvula mitambo imatseka zonse. Komanso setilaiti imaona mamita apamwamba okha, pomwe nyanja yathu imafika mamita pafupifupi 700. Anthu adayesapo: Geoffrey Chavula ndi anzake adasindikiza kafukufuku mu 2009 woyeza chlorophyll wa nyanjayi ndi MODIS, ndipo a Large Lakes Observatory a ku Duluth, Minnesota, agwirapo ntchito zaka zambiri. Komabe miyezo ya pamadzi yochitika mokhazikika ndi yosowa m'nyanja zambiri za mu Africa, ndipo chosowacho ndicho mwayi wanu.

Simukufunika kugula RAMSES kuti muyambe. Mu 1865 wansembe wina wa ku Italy, Angelo Secchi, adatsitsa mbale yoyera m'nyanja ya Mediterranean n'kulemba pamene yasiya kuoneka, ndipo njira imeneyo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Ya m'madzi opanda mchere imakhala ya masentimita 20, yogawidwa panayi, koyera ndi kwakuda mosinthana. Mmisiri aliyense angakudulireni. Ikani cholemera pansi pake kuti isatengeke, ndipo chingwe chikhale chosatamuka, cholembedwa mamita. Pitani dzuwa lili pamutu, khalani kumbali ya bwato kumene kuli mthunzi, vulani magalasi a dzuwa. Tsitsani pang'onopang'ono mpaka mbale izimiririke, lembani. Kwezani mpaka ionekenso, lembani. Pakati pa manambala awiriwo ndiye muyezo wanu. Onjezani tsiku, ola, malo a GPS a pafoni, mitambo ndi mphepo. Pakati pa nyanja konzekerani chingwe chachitali, madzi a kumeneko ndi oyera kuposa mmene a m'mbali amaonetsera.

Mukatero malo amodzimodzi kwa chaka chathunthu, posankha masiku amene Sentinel ikudutsa, mudzaona nokha kusintha kwa nyengo ya mwera, pamene mphepo imakankhira madzi apamwamba kumpoto, madzi ozizira a pansi odzaza chakudya cha ndere n'kukwera kummwera. Zithunzi mungazitenge kwaulere ku Copernicus, eni masetilaiti a Sentinel, ndi ku NASA. Mapulogalamu ozikonzera, SNAP, SeaDAS ya NASA ndi ACOLITE ya ofufuza a ku Belgium, onse ndi aulere. Chimene chidzakupwetekeni ndi bando ya intaneti, choncho phunzirani kudula kachigawo kanyanja kokha musanatsitse. Kambiranani ndi a dipatimenti ya za nsomba ku Monkey Bay kapena aphunzitsi a ku yunivesite kuti mudziwe ngati angakuyezereni chlorophyll m'mabotolo angapo a madzi.

IOCCG imachititsa maphunziro a ophunzira a digiri zapamwamba, ndipo EUMETSAT imaphunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka deta ya Sentinel-3, kawirikawiri pa intaneti. Pofunsira malo kumeneko, kapena polembera mphunzitsi wa masters, tumizani tebulo la miyezo yanu pamodzi ndi chithunzi choonetsa pamene setilaiti idagwirizana nanu ndi pamene idaphonya.