Kusuma mlandu wa ngongole popanda loya

Mayi, mwafunsa ngati mungathe kumusumira munthu amene anatenga matumba a makala pangongole ya K4,500 ndipo tsopano akukuzembani, pamene mulibe ndalama zolipira loya. Mungathe ndithu. Lamulo la dziko la Zambia la Local Courts Act sililola maloya kuimira anthu m'makhoti a Local Court pamilandu ya ngongole, ya ukwati wachikhalidwe ndi mikangano ina ya pakati pa anthu, choncho nayenso wokukongolaniyo adzayankha ndi pakamwa pake, monga inu.

Pitani ku Local Court ya dera limene iye amakhala kapena kumene munapangana za makalawo, kaya ndi ku Matero, ku Chawama, ku Chilenje kapena ku Boma mumzinda wa Lusaka. Mukafotokoza dandaulo lanu kwa kalaliki, adzalemba samani, kalata yomuitanira kukhoti, inu mudzalipira ndalama yoikika, ndipo musachoke popanda lisiti la boma. Samaniyo imaperekedwa ndi mesenjala wa khoti, ndiye dziwani bwino dzina lonse la munthuyo ndi nyumba yake kapena pamene amagulitsira, chifukwa milandu yambiri imachedwa pachifukwa chakuti woimbidwa mlandu sanalandire samani. M'makomboni mmene nyumba zambiri n'zovuta kuzilondola, ndi bwino kukhala wokonzeka kumuperekeza mesenjalayo.

Koma chimene ndikufuna muchiganizire kwambiri ndi umboni. Khoti silidzagamula chifukwa chakuti mwalankhula mowawidwa mtima. Lidzafuna kudziwa tsiku limene makala anatengedwa, kuchuluka kwa matumba, mtengo wa thumba limodzi, ndi tsiku limene munagwirizana kuti adzalipire. Ngati munalemba m'kabuku ka ngongole, katengeni kameneko, osati kukopera patsamba latsopano loyera bwino, pakuti kabuku kakale kothimbirira kamakhulupirika kuposa pepala lolembedwa dzulo. Mauthenga a pa WhatsApp amene iye analonjeza kuti alipira kumapeto kwa mwezi ndi amphamvu kwambiri, chifukwa munthu amene wapempha nthawi wavomera kale kuti ngongole ilipo. Chimodzimodzi uthenga wa Airtel Money kapena MTN, ngati anayambapo kubweza pang'ono. Muwasindikize papepala, komanso mupite ndi foni yeniyeniyo ili ndi moto. Mboni ikhale munthu amene anaona matumba akunyamulidwa, monga woyendetsa wilibala, osati mbale wanu amene anangomva nkhaniyi kwa inu.

Patsiku la mlandu mufike m'mamawa. Mudzayamba ndinu kufotokoza, iye adzakufunsani mafunso, kenako nayenso adzafotokoza mbali yake ndipo mudzapatsidwa mpata womufunsa. Mukhoza kulankhula Chinyanja. Musamudule mawu ngakhale akunama poyera. Sungani mfundoyo mpaka nthawi yanu ya mafunso.

Ena angakulangizeni kuti mupite kupolisi kapena mukamulande katundu. Ine sindikugwirizana nazo, chifukwa ngongole wamba si mlandu wa upandu, ndipo mukatenga katundu wake popanda chilolezo cha khoti, mlandu ungatembenukire inu. Njira ina yabwino ndi Small Claims Court, imene inakhazikitsidwa makamaka kaamba ka milandu ya ndalama zodziwika kuchuluka kwake. Kumenekonso maloya saimira anthu, ndipo mlandu umamvedwa ndi woweruza wotchedwa komishonala.

Mukapambana, musayembekezere kutuluka m'khoti ndalama zili m'manja, popeza kawirikawiri khoti limalola wolakwa kubweza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Akaphonya, mubwerere kukhoti lomwelo mukanene kuti sakutsatira chigamulo, ndipo adzaitanidwanso. Ngati chigamulo cha Local Court sichinakukomereni, muli ndi masiku 30 oti muchite apilo kukhoti la majisitireti, ndipo pamenepo mungapemphe thandizo ku Legal Aid Board, imene imathandiza anthu osatha kulipira loya.