Ayi achimwene, tikiti yanuyo si Yobu

Wina wandilembera imelo yaifupi koma yobaya. Akuti amabetcha mpira, tikiti iliyonse amayamba aipempherera, akhala akungoluza, akunyumba sakudziwa, ndipo mnzawo wa kutchalitchi wawauza kuti asataye mtima, Mulungu akuyesa chikhulupiriro chawo monga zinachitikira Yobu. Akufunsa kuti apirire kapena asiye.

Achimwene, dzina la Yobu ndi limene landikhalitsa pansi kuti ndilembe. Mawu amenewa ndinawamva m'banja mwathu momwe, kuchokera pakamwa pa mkulu wanga.

Mkulu wangayo sanali chidakwa, sanali wa zibwenzi, anali munthu wa mapemphero a m'mamawa. Anayamba ndi ndalama zochepa, ndipo tsoka lawo ndi lakuti anawina msanga. Anapereka chakhumi cha ndalamazo, nkhope ili ngwee. Kuyambira pamenepo nkhani ya mpira ndi nkhani ya Mulungu zinalukana m'mutu mwawo moti simukanazilekanitsa. Matikiti ankawasunga m'Baibulo, pa Salmo 23. Tsiku lina ndinabwereka Baibulolo ndipo timapepala tinayoyoka pansi, tina titafufutika zilembo, tina tili ndi zizindikiro za bolopeni: chongani, chongani, chongani, ndiye pansi penipeni kamtanda kamodzi. Kamtanda kamodziko ndiko kanali kuwapha. "Waona? Timu imodzi yokha ndi imene yandigwetsa. Ambuye akundionetsa kuti ndayandikira, akungofuna aone ngati ndifooke." Usiku alamu anga ankadzuka n'kupeza kuwala kwa foni pansi pa bulangete, bambo akutsatira masewera a ligi ya dziko limene sangaliloze n'komwe pa mapu. Kenako kunayamba kubwereka. "Ndithandize mng'ono wanga, Lolemba ndikubwezera." Alamu anayamba kubisa ndalama ya sukulu ya ana m'nsapato yakale ya mwana wawo wamng'ono. Tsiku limene anaipeza nsapatoyo ili pululu sanalire, sanakuwe, anangokhala pakhonde mpaka mdima. Ndipo madzulo omwewo mkulu wanga anatsogolera pemphero la banja, nawerenga Yobu.

Ndiye mundikhululukire ngati ndilankhule mosapsatira. Yobu sanatenge ng'ombe zake kukaziika pa tebulo la munthu. Ng'ombe ndi abulu analanda ndi Aseba, ngamira anatenga ndi Akasidi, nkhosa zinapsa ndi moto, ana anafa nyumba itawagwera ndi mphepo. Zonsezo zinamupeza ali pakhomo pake. Abrahamu pa Genesis 22 anayesedwadi, koma Mulungu ndiye anayamba kulankhula, namutuma ku dziko la Moriya. Inuyo anakutumani ndani kutsegula akaunti ija? Yakobo 1:13-14 amadula nkhani: munthu asanene kuti Mulungu ndiye akumukokera ku zoipa, aliyense amakokedwa ndi chilakolako chake cha iye mwini.

Ngati pali amene akuikidwa pa mayeso m'nkhani yanuyi, ndi Mulungu. Ku Refidimu, ana a Israele atasowa madzi anafunsa kuti kodi Yehova ali pakati pathu kapena ayi, ndipo Mose anatcha malowo Masa ndi Meriba, kutanthauza kuyesa ndi kukangana. Pemphero la pa tikiti limafunsa funso lomwelo: ngati mulipodi, timu iyi igoletse. Satana atamuika Yesu pamwamba pa Kachisi, anamuwerengera Salmo 91 kuti adziponye pansi, angelo amuwakha. Taonani, vesi linalipo, lonjezo linalipo, lolondola ndithu. Yesu anayankha ndi Deuteronomo 6:16, vesi limene limatchula Masa yemweyo: usamuyese Ambuye Mulungu wako. Kuponya ndalama ya lendi m'phompho n'kumadikira angelo, kusiyana kwake ndi kudumpha pa Kachisi kuli pati?

Ndikudziwa wina athamangira kunena za maere, chifukwa mkulu wanga ankathamangira komweko. Inde, maere m'Baibulo alimo. Pa Levitiko 16 Aroni ankachita maere pa mbuzi ziwiri. Amalinyero anachita maere ndipo anagwera Yona. Pa Machitidwe 1 atumwi anachita maere pakati pa Yosefe Barsaba ndi Matiya. Miyambo 16:33 imati ngakhale maere, wogamula ndi Yehova. Koma mwa onsewa ndani anapita kwawo ndi ndalama za mnzake? Ankafuna chigamulo pa nkhani imene inawakanika, osati phindu. Amene timawaona akuchita maere kuti wina apate katundu ndi asilikali aja pansi pa mtanda, akulimbirana malaya a munthu amene akufa pamwamba pawo. Ndipo Matiya atasankhidwa, Chipangano Chatsopano sichitionetsanso mpingo ukuponya maere.

Chinanso chimene chimandipweteka n'chakuti timamunamizira Mulungu pa zinthu zimene ndi masamu chabe. Masamu a mwayi anayamba kukhazikika mu 1654 pamene akatswiri a masamu a ku France, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, ankalemberana makalata pa funso la otchova juga, ndipo makampani obetcha amawadziwa bwino kuposa ine ndi inu. Tiyerekeze matimu awiri ofanana mphamvu, popanda kufanana zigoli. Malipiro achilungamo akanakhala 2.00 mbali iliyonse, kutanthauza kuti wowina alandire kawiri ndalama imene waika, koma kampani imaika mwina 1.90. Zikutanthauza kuti pa 100 iliyonse imene anthu aika, 95 ndiyo imabwerera kwa iwo, 5 imatsala. Mukalumikiza masewera 10 otere pa tikiti imodzi, kachidutswa kaja kamadulidwa kakhumi, ndipo zobwerera zimatsika kufika pafupifupi 60. Mwayi wopata onse 10 ndi umodzi pa 1,024. Koma mwayi wopata 9 n'kuphonya amodzi ndi 10 pa 1,024. Mwamva? Kamtanda kamodzi kaja, kamene mkulu wanga ankakatcha chizindikiro chakumwamba, kamayenera kuoneka kakhumi kuposa kuwina. Munthu wosapemphera n'komwe amakapezanso chimodzimodzi. Kampani siisowa kubera, imangodikira kuti mubwerenso mawa.

Nanga mipingo imati chiyani?

Siinena chimodzi, ndipo sindikunamizani kuti pali vesi lakuti usatchove juga, palibe. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, ndime 2413, amati masewera a mwayi ndi kubetcha pazokha si zosemphana ndi chilungamo, koma zimakhala zosavomerezeka pamene zimlanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa ena, ndipo amachenjeza kuti chilakolako cha juga chikhoza kusanduka ukapolo. Katekisimu Wamkulu wa Westminster, wa mipingo ya Chipresibateriya, wa m'zaka za m'ma 1640, amaika juga yomwaza chuma pakati pa machimo oswa lamulo lakuti usabe. Amethodisti ambiri ndi mipingo yambiri ya chievangeliko amangoikaniratu yonse.

Ine ndili ku mbali yokana, ndipo pamene ndikulemba pano ndikuumirirabe. Ndalama imene mumapempherera kuti muwine si yochokera kumwamba, ndi ya munthu wina amene waluza, mwina nayenso anagwada usiku womwewo. Mukupempha Mulungu kuti amulande iyeyo akupatseni inu. Paulo anauza Timoteo kuti ofuna kulemera amagwa m'chiyeso ndi m'msampha, nadzipyoza ndi zowawa zambiri. Akudzipyoza okha, palibe wawaponyera mkondo. Ndipo ngakhale titatenga muyeso wofewa wa Akatolika uja, achimwene, inu munaudumpha kale: munthu amene akubisira mkazi wake sakusewera.

Apa ndidandaulenso ndi ife a m'mipingo. Timakonda maumboni a ndalama zobwera modzidzimutsa, timaombera m'manja amene wadzuka wolemera, koma amene wagwira ntchito chaka chonse n'kulipira ngongole zake mwakachetechete sitimuitana kutsogolo. Miyambo 13:11 imayamikira wosonkhanitsa pang'onopang'ono, koma ndi liti munamva ulaliki wamoto pa vesi limeneli? Tikawaphunzitsa anthu kuti chikhulupiriro ndi kufesa lero kuti ukolole kakhumi mawa, tisadabwe akapeza kuti kampani yobetcha ikulalikira zomwezo, ndipo iyo imatsegula usiku wonse.

Yankho lanu ndi ili: siyani, lero, osati mukabweza zimene munaluza, chifukwa kuthamangitsa zotayika ndiko kumamiza anthu. Fufutani maapulogalamu aja, ndipo makampani ambiri ali ndi njira yodziletsa nokha kuti akaunti itsekedwe, igwiritseni ntchito. Auzeni akunyumba chiwerengero chenicheni, osachotsera, ndipo kwa kanthawi ndalama azisunga ndi iwo. Ngati dzanja likumabwererabe ku foni, kaonaneni ndi mlangizi kapena dokotala wa za maganizo. Kuyambira 2013 bungwe la American Psychiatric Association limaika vuto la juga m'gulu limodzi ndi la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndiye musachite manyazi. Ngongole zonse zilembeni pa pepala limodzi, dzina ndi ndalama yake, muyambe ndi imene ikubereka chiwongoladzanja chachikulu.