Galimoto yanga inatsala pang'ono kundiphetsa mwana wa eni ake pa Luchenza

Achimwene, mwafunsa za galimoto yanu imene injini yake ikulira mokweza ngakhale itangoima. Musayendenso nayo galimotoyo musanaone payipi ya ku booster ya mabuleki, chipangizo chimene chimafewetsa pedulo ya buleki. Zanuzo za singano ya liwiro la injini kukakamira pa 2000 injini itatentha kale ndi zomwe zinandionetsa zakuda ine.

Yanga ndi Corolla yakale ija ya injini ya 5A, automatic. Ukaima pa Bvumbwe kugula mbatata imalira ngati chigayo, mafuta akungotha. Ndinapita nayo kwa makaniko wina wa pansi pa mtengo ku Thyolo, dzina ndisatchule. Munthu uja sanafufuze n'komwe. Anapotoza screw ya pa throttle (kachitseko kolowetsa mpweya mu injini), kundigulitsa mapulagi anayi, thermostat (kavavu kothandiza injini kutentha msanga) n'kuchotsa, ati kuno n'kotentha siifunika. Ku Thyolo? Mwezi wa June? Ndalama analandira akuseka, mpaka lero ndikamuona mtima umandiwawa.

Tsikulo kunali chiperoni, msewu uli noninoni, ndanyamula mayi anga tikupita ku maliro ku Mulanje. Kufika pa Luchenza wakabaza anangotulukira kutsogolo atakweza mwana wa sukulu. Ndiponde buleki, pedulo yauma gwa ngati ndaponda mwala, galimoto ili mu D ikudzikankha yokha. Ndinaiponda ndi miyendo yonse iwiri, kukoka handbrake, giya kuponya mu N, injini n'kukuwa msika wonse kucheuka. Tinaima bampala itakhudza kale tayala la njinga. Mwana uja ankangondiyang'ana, chikwama chili m'matope. Mayi anangoti "Yesu wanga", osayankhulanso mpaka pa Chitakale.

Vuto lake? Payipi yakuda yochokera ku manifold (njira imene mpweya umalowera mu injini) kupita ku booster inali itang'ambika kunsi, kosaoneka. Injini imakoka mpweya wakuba pamenepo, kompyuta n'kuwonjezera mafuta, idling (kulira kwa injini usanaponde mafuta) n'kukwera, booster n'kusowa vacuum (mphamvu yokoka mpweya imene imagwirira ntchito), buleki n'kuuma. Kuchotsa thermostat kuja kunangoonjezera vuto, chifukwa injini ikamachedwa kutentha kompyuta imayesa kudakali m'mawa, imasunga idling pamwamba.

Ndiye tsegulani boneti injini ikulira, mvetserani kamluzu ka mpweya, finyani timapayipi kamodzikamodzi ndi pulaya. Kamene mwafinya singano n'kutsika, wakuba ali komweko. Onani ngati chingwe cha accelerator sichinakokedwe kwambiri, chizikhala ndi kampata pang'ono. Tsukani throttle ndi IAC valve (kavavu kowongolera idling) ndi mankhwala opopera otchedwa carb cleaner, fumbi la m'misewu ya ku tiyi kuno limamata koopsa. Madzi mu radiator akhale odzaza, thermostat ibwerere. Injini ikatentha bwino singano iyenera kukhazikika cha m'ma 700 kapena 800.

Screw ya pa throttle ijayo musaigwire, ndi imene imasokoneza zonse.  Singano ikakana kutsika ingopitani nayo galimoto kwa makaniko, zinthu za mabuleki si zoseweretsa wekha, bola muime pomwepo akamagwira.