Kahita ka magetsi kapena gasi? Yankho kwa achemwali a ku Leeds

Achemwali ena amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds anditumizira imelo. Nyumba ya lendi imene akukhala ili ndi boiler ya gasi (makina otenthetsa madzi ndi nyumba yonse), koma amaopa kuiyatsa poganiza za bilu, choncho anagula kahita ka magetsi. Akufunsa kuti chotchipa n'chiti, komanso ngati n'koyenera kugula AC (makina oziziritsa m'nyumba) yodzagwiritsa ntchito kukatentha.

Achemwali, kahitako ndi kamene kakukudyerani ndalama. Ku Britain yuniti ya magetsi ndi yodula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi, ndipo mitengo imene bungwe la Ofgem, loyang'anira za magetsi ndi gasi, limalengeza miyezi itatu iliyonse imasonyeza zimenezo. Kahita ka 2 kW kamadya mayuniti awiri pa ola. Yuniti ikakhala pa 25p, ndiye kuti 50p yapita pa ola limodzi, kufunditsa chipinda chimodzi chokha, kwinaku kubafa kukuzizira ngati mmawa wa ku Dedza mu June. Kahita kamathandiza mukafuna kutenthetsa kachipinda kwa mphindi zochepa, basi.

Yatsani boiler, koma muziiwongolera. Thermostat (poikira mulingo wa kutentha kwa m'nyumba) ikhale pa madigiri 18, amene a zaumoyo kuno amati ndi oyenera m'nyumba. Ngati ndi combi boiler (yopanda thanki yosungira madzi otentha), tsitsani kutentha kwa madzi opita m'maradiator, zitsulo zofunditsa zipinda zija, kufika pa madigiri 60. M'zipinda zosagonamo anthu potokolani tizitsekero ta radiator kuti tizitulutsa kutentha pang'ono, koma musazimitsiretu. Nyumba yozizira imene mukuyanikamonso zovala imachita chuku chakuda m'makoma, ana n'kuyamba kutsokomola, ndipo a landilodi ena amadula dipoziti pa nkhani yomweyi. Dzuwa likangolowa tsekani makatani, pansi pa chitseko muikepo chotchinga mphepo.

Mukadzafuna kusamuka, musanasaine yang'anani EPC ya nyumbayo (chikalata chosonyeza mmene nyumba imadyera gasi ndi magetsi) pa gov.uk, ndi ulere. Imayambira A (yabwino kwambiri) mpaka G, ndipo kuchokera mu April 2020 lamulo ku England sililola kuchititsa lendi nyumba yochepera E, kupatula zochepa zimene zili ndi chilolezo chapadera. Ine ndingasankhe C yokwererako lendi kusiyana ndi E yotchipa, chifukwa zimene mwapulumutsa pa lendi zimakathera ku gasi. Mukapeza nyumba ya ma storage heater (mahita a magetsi osunga kutentha usiku n'kumakutulutsa masana), funsani ngati mita yake ili pa Economy 7, magetsi otsika mtengo a usiku.

Heat pump, imene imakoka kutentha kwa panja n'kukulowetsa m'nyumba, mwina mwaimva. Imatulutsa kutentha pafupifupi katatu kuposa magetsi amene yadya, ndipo boma limathandiza ndi £7,500 ku England ndi Wales, koma imeneyo ndi nkhani ya eni nyumba.

Chonde, mbaula kapena makala a kanyenya asalowe m'nyumba. Nyumba za kuno n'zotsekeka, ndipo mpweya wa carbon monoxide sununkha, umapha anthu ali m'tulo. A landilodi akuyenera kuyezetsa boiler chaka chilichonse kwa katswiri wovomerezeka wa gasi (wa Gas Safe) ndi kuika alamu ya mpweyawu m'chipinda momwe muli boiler. Ngati alamuyo mulibe, alembereni lero.

Za AC zisiyeni. Zoona, mu July 2022 kunatentha kupitirira madigiri 40, koma masiku otere ndi owerengeka. Fani wamba amadya magetsi ochepa zedi. Masana tsekani makatani a mbali ya dzuwa, mawindo muzitsegula usiku.